ZA IFE AMAYI: Puloti sagula pa chithunzi

Amayi anzanga, chaka chikamapita kumapeto magulu athu ambiri a banki mkhonde amagaŵana ndalama, ndipo pakati pathu pamakhala ena amene mtima wawo wonse uli pa puloti. Enanso ali ndi ana kapena amuna ku Johannesburg amene amatumiza ndalama nati, “Mayi, tipezereni malo.” Adobadoba nyengo imeneyi amaidziŵa bwino. Zithunzi za mapuloti zimadzaza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, mtengo wake wokoma, ndipo mawu awo ndi amodzimodzi: fulumirani, pali wina akubwera ndi ndalama maŵa. Puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu atatu, ndipo atatuwo amadzadziŵana tsiku lokumba maziko.

Tsono lamya ya m'manja imene akutinyengera nayoyo ingathenso kutithandiza kuŵagwira bodza, tisanatulutse ndi tambala yomwe. Ngati maso kapena zala sizikulolani, khalani pansi ndi mwana wa kusekondale. Ntchito yake ndi ya madzulo amodzi ndi bandulo yochepa.

Yambani ndi chithunzicho. Pali chida chotchedwa Google Lens: mukachipatsa chithunzi, chimafunafuna pa intaneti malo ena pamene chithunzi chomwecho chidaonekapo. Mukapeza kuti nyumba imene akuti ili ku Area 25 idalengezedwapo kale ngati ya ku Lusaka, nkhani yathera pomwepo. Koma chikapanda kupezeka kwina, musati basi zonse zili bwino, pakuti wakuba angathenso kujambula yekha puloti ya mwini wake.

Kenaka muuzeni wogulitsayo akaime pamalopo, akutumizireni pa WhatsApp chizindikiro cha pamene waima. Chitseguleni pa Google Maps, musankhe zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba. Apa ndipo pofunika kudekha. Kodi mtsinje uli patali bwanji? Kodi malowo ali m'dambo, kapena m'munsi mwa phiri lopanda mitengo? Kodi nthambo zazikulu za magetsi sizikudutsa pamwamba pake? Nanga msewu wofika pakhomo ulipo, kapena mudzadzera m'bwalo la mnzanu moyo wanu wonse? Wogulitsa amakonda kuonetsa malo m'chilimwe, nthaka itauma gwa. Pa Google Earth pali zithunzi za zaka za m'mbuyo, ndipo mungathe kubwerera nazo chaka ndi chaka, nkuona pamene padali chigwembe chimene achikwirira, pamene madzi amaima m'dzinja, ngakhale maziko a munthu wina amene adagumulidwa. Tonse tikukumbukira mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Puloti yotsika mtengo m'mphepete mwa phiri kapena m'khwaŵa ili ndi chifukwa chake chotsikira mtengo.

Dziŵani kuti zithunzi zakumwambazi nthaŵi zina zimakhala zakale ndithu, ndipo sizinena mwini malo.

Dzina la wogulitsa nalonso lifufuzidwe. Chiyambire kalembera wa zitupa za unzika mu 2017 ndi kalembera wa manambala a lamya mu 2018, nambala iliyonse imayenera kukhala ndi mwini wake wodziŵika. Dzina la pa chitupa, dzina la pa chikalata cha malo, ndi dzina limene Airtel Money kapena Mpamba ikuonetsa pa nambala yolandirira ndalama, onseŵa akhale amodzi. Akayamba zoti nambalayi ndi ya mlamu wanga, chikalatachi ndi cha malume, imani kaye. Lembani dzinalo ndi nambalayo pa Google ndi pa Facebook. Kaŵirikaŵiri amene adaberedwapo amadandaula poyera. Palinso tsamba la MalawiLII, pamene zigamulo zambiri za makhoti athu zimaŵerengedwa mwaulere, ndipo milandu ya malo ilipo yochuluka. Zili m'Chingerezi cha maloya, koma dzina la munthu kapena nambala ya puloti mwana angathe kuzipeza.

Zonsezi nzothandiza kugwira wabodza. Koma chonena mwini malo weniweni ndi kaundula wa boma, ndipo kumeneko mufike ndi miyendo yanu. M'mizinda yathu eni nthaka akuluakulu ndi Unduna wa za Malo, makhonsolo a mizinda, ndi Malawi Housing Corporation. Funsani kuti puloti imeneyi ili pansi pa yani, mupite ku ofesi yomweyo. Ngati malowo ali ndi lizi, tengani nambala ya chikalatacho mupite nayo ku ofesi ya za malo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, mupemphe kuti akufufuzireni m'kaundula. Mudzalipira kandalama, mulandire lisiti la boma. Pepala limene adzakupatsani limanena dzina la mwini wake, zaka za liziyo, ngati malowo adaperekedwa chikole ku banki, ndiponso ngati pali wina amene adaikapo chiletso kuti asagulitsidwe. Nyumba ya chikole banki ingathe kuigulitsa inu muli m'katimo, ngongole yake musadaidyeko. Ndipo chonde, pepala limeneli asakutengereni ndi dobadoba. Masiku ano kompyuta imapanga chidindo chooneka bwino kuposa chenicheni.

Ambiri a ife timagula kunja kwa mzinda, kwa mafumu, kumene kulibe lizi. Kakalata ka a mfumu kokha sikokwanira, makamaka kumene mafumu aŵiri akulimbirana malire. Lamulo la malo a mafumu la 2016 lidakhazikitsa makomiti oyang'anira malo, wapampando wake a gulupu, pamodzi ndi anthu ena 6 osankhidwa, ndipo mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Kumene komiti yotere ilipo, aoneni amayi amenewo. Kumene kulibe, pitani pa mjigo nthaŵi ya m'maŵa, dobadoba mutamsiya, mucheze ndi amayi otunga madzi. Safunsa adadya phula. Iwo adzakuuzani amene ankalima pamenepo, amene adaikidwa pafupi, ndi galimoto zingati zabwera kale kudzaona malo omwewo.

Funso limodzi ndimapempha kuti lisaiŵalike: kodi mwini malo ali moyo? Malo ambiri otsika mtengo ndi amasiye, ogulitsidwa ndi achibale a mwamuna, mayi wamasiye ndi ana ake osadziŵa kanthu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma chotere ndi mlandu, ndipo wogulitsa malo a malemu ayenera kuonetsa kalata ya kukhoti yomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Ife amayi tisakhale ogula misozi ya mayi mnzathu. Pemphani kuonana naye mayiyo maso ndi maso.

Zonse zikalongosoka, yendani malire ndi oyandikana nawo, muone zikhomo za malire ndi maso anu. Lipirani kudzera ku banki kuti pakhale umboni, pamaso pa mboni za mbali zonse ziŵiri. Polemba chikalata, ngati ndalama ndi zanu, palembedwe dzina lanu monga lilili pa chitupa. Ngati mwasonkherana ndi bambo a kunyumba, palembedwe maina onse aŵiri.