Nyimbo zauzimu za ku Dedza zisapite ndi eni ake kumanda

Ife a Malawi timadziwa kulemekeza woimba akagona m'bokosi. Pomwe Grace Chinga anatisiya mu 2016 ndi Wambali Mkandawire mu 2021, mawailesi anaika nyimbo zawo usana ndi usiku, ife n'kumapukusa mitu. Komatu awa anali ndi mwayi chifukwa mawu awo anajambulidwa. Nanga mphunzitsi wa kwaya wa ku Bembeke, ku Mphunzi kapena ku Mayani amene nyimbo zake zili m'mutu mwake mokha, akapita titsala ndi chiyani?

Chodabwitsa n'chakuti boma la Dedza si lachilendo pa nkhani yosunga zamakolo. Zojambula za m'mapanga a Chongoni, malo 127, zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Ku Mua, komwe ansembe a White Fathers anafika mu 1902, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo zigoba za gule wamkulu zinapeza nyumba mu Chamare Museum. Miyala taisamala, mitengo yosema taisamala, koma nyimbo zomwe timaimba Lamulungu lililonse tazisiyira mphepo.

Ena anena kuti nyimbo za m'tchalitchi n'zachizungu, zilibe kanthu ndi chikhalidwe chathu. Ayi ndithu. Msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 utatha, Chilatini chinapereka mpata ku Chichewa, ng'oma ndi visekese n'kulowa m'tchalitchi. Nthawi imeneyo dayosizi ya Dedza inali m'manja mwa Cornelius Chitsulo, episkopi woyamba wachimalawi. Nyimbo zambiri zomwe zinabadwa pamenepo anapeka ndi anthu wamba, aphunzitsi ndi makatekisiti, pa mayimbidwe a Achewa ndi Angoni. Ku CCAP nako, buku la Nyimbo za Mulungu lilipo inde, koma makolasi a makwaya ndi a amayi a Chigwirizano, aja timatonthozana nawo pa maliro, ambiri sali m'buku lililonse. Mukafunsa kuti anapeka ndani, yankho limangokhala lakuti "tinaipeza".

Makwaya ena anayesetsa m'zaka za m'ma 1990 kusonkha ndalama n'kujambula makaseti. Koma kaseti simakhalitsa, makamaka kuno kumapiri kwa chinyontho ndi nkhungu. Tepi imachita nguwi, imamatana, ndipo wailesi zoyimbira makasetiwo zinatha kale m'masitolo.

Apa tilankhulane ndi inu abale athu a bizinesi amene mumabena nyimbo pa kompyuta ku Dedza boma, ku Lilongwe ndi ku Limbe. Zoona zake, nyimbo zina zakale zikupezekabe lero chifukwa cha inu. Vuto ndi lakuti mumaziika pa memole khadi zopanda dzina la kwaya, la wopeka ngakhale chaka. Nyimbo imangoyenda ngati mwana wamasiye. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992, ndipo lamulo latsopano la zaumwini wa luso linabwera mu 2016, koma ndalama ingamupeze bwanji munthu amene dzina lake silinalembedwe paliponse?

Ntchitoyi ndi yotheka. Hugh Tracey anayendayenda mu Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958 ndi makina olemera, akulemba dzina la woimba ndi malo. N'chifukwa chake nyimbo za agogo athu zikusungidwa mpaka lero ku Rhodes University ku South Africa. Kodi zomwe mlendo anachita pa misewu yafumbi zingatikanike ife amene tili ndi foni zojambula mawu m'thumba?

Dayosizi ya Dedza ndi Sinodi ya Nkhoma ziyambe ndi chinthu chaching'ono: parishi iliyonse ndi mpingo uliwonse ukhale ndi kabuku kolembamo nyimbo, wopeka, mudzi ndi chaka. Makaseti akale asonkhanitsidwe, asamutsidwire pa kompyuta, makope n'kusungidwa m'malo awiri kapena atatu, monga ku Mua, ku Chongoni pa malo a maphunziro a Namoni Katengeza, ndi ku National Archives ku Zomba. Mipingo inanso isatsalire.

Inu ophunzira a kusekondale ndi kukoleji, pa holide musangokhala pa Facebook. Pitani kwa agogo amene anaimba kwaya zaka makumi anayi, muwapemphe aimbe, mujambule, mufunse mbiri ya nyimbo iliyonse. Ogulitsa nyimbo nanu, kulemba dzina la kwaya sikudya ndalama.

Ndipo pa zikondwerero za makwaya, opeka okalamba aziitanidwa kutsogolo, mayina awo atchulidwe, alandire kangachepe akadali ndi makutu omvera. Madzi akatayika saoleka. Chaka chilichonse chomwe tikuzengereza, tikukwirira nyimbo zingapo pamodzi ndi eni ake.