Tisafulumire Kunena Kuti "Kaitane Makolo Ako"

Pali mau atatu amene mphunzitsi aliyense amaŵaphunzira msanga, ngakhale kuti salembedwa m'buku lililonse la kukoleji: "Kaitane makolo ako." Mwana akajomba, akagona m'kalasi, kapena akaleka kulemba ntchito, mau ameneŵa amangotuluka okha pakamwa pathu, ndipo kaŵirikaŵiri amathandizadi. Komatu alipo mwana amene mau omweŵa angathe kumpweteka, ndiye wachinyamata wodwala matenda okhumudwa pamene kwawo kuli mkangano.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 15 wa Sitandade 8 pa sukulu ina ya m'dera la Mfumu Kadewere ku Chiradzulu. Bambo ake anapita ku Joni ndipo ndalama zinaleka kubwera. Mai ake anakwatiwanso. Tsono bambo womupezayo ndi amalume ake a mtsikanayo samwerana madzi chifukwa cha kamunda kamodzi, ndiponso chifukwa cha funso lakuti adzamsamala ndani akasankhidwa kupita ku sekondale. Nkhani yotere si yachilendo m'boma limene kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 350,000 pa malo ochepa, kumene munda umayenda m'mbumba ya akazi ndipo mkamwini ali ndi mau ochepa. Mtsikanayo, amene kale ankakhala woyamba kuimika mkono, tsopano amangoti zyoli. Waonda, sagona tulo, mpira wamanja anausiya. Akafunsidwa amati, "Palibe kanthu, aphunzitsi."

Tiyenera kuvomereza poyamba kuti aŵa angakhale matenda, osati ulesi kapena mwano. A zachipatala amati munthu akakhala wosweka mtima pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iŵiri kapena kuposerapo, nataya chidwi pa zimene ankazikonda, kudya ndi kugona nkusintha, mutu wosagwira kanthu, nkumadziona ngati wachabechabe, afunika kupimidwa. Mwa achinyamata matendaŵa amabwera kaŵirikaŵiri atavala ukali, nchifukwa chake ambiri timaŵapatsa chibalo chotchetcha udzu m'malo moŵathandiza. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2021 kuti mwa ana 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto lina la maganizo. Aliyense aŵerenge mitu ya m'kalasi mwake aone.

Nanga tikamtuma mtsikana uja kukaitana makolo chichitike nchiyani? Abwera ndi mai ake. Ife tidandaula mu ofesi kuti mwana walekerera sukulu. Madzulo bambo womupeza ati, "Ndinanena ine kuti mwanayu mumamlera moipa." Amalume akamva ati, "Mwana wathu mukumzunza." Mwana amene anali kale pakati pa moto wasanduka umboni pa mlandu wa akuluakulu, ndipo waphunzirapo chinthu chimodzi, chakuti kuonetsa mavuto ake kumakolezera moto kunyumba. Ulendo wina adzabisa kwambiri.

Ena adzati, "Kodi mphunzitsi ndani kuti alambalale eni ake a mwana?" Funsoli nloona ndithu, ndipo ife sitikunena kuti banja libisiridwe. Mwana sangachire bwino popanda mmodzi wa abale ake, ndipo kuchipatala afunika wamkulu womperekeza. Chimene tikunena nchakuti kuitana makolo kuli ndi malo ake ndi nthaŵi yake m'ndondomeko ya chithandizo, ndipo malowo si oyamba. Ndondomekoyo ilembedwe pa pepala limodzi, mphunzitsi wamkulu akudziŵa, mwini wake wa vutolo ali pomwepo ndipo akunenapo maganizo ake.

Choyamba pa pepalalo ndi moyo wa mwana. Mphunzitsi, makamaka wamkazi ngati mwanayo ndi mtsikana, akhale naye pamalo pooneka koma posamveka, namfunse mosazungulira ngati anaganizapo zodzipha, ndiponso ngati alipo amene amammenya kapena kumgwira mosayenera. Ambiri timaopa funso loyambalo poganiza kuti timpatsa nzeru zoipa. Ofufuza anapeza kuti kufunsa sikudzala maganizo otere, kumangotsegula khomo. Koma tisalonjeze kuti tisunga chinsinsi chonse. Timuuze chilungamo kuti, "Zimene undiuze sindikaulutsa, koma ngati moyo wako uli pangozi ndiuza munthu woti atithandize, ndipo ndiyamba ndakudziŵitsa." Akavomera chimodzi mwa ziŵirizo, nkhaniyo isagone. Asasiyidwe yekha, mankhwala a m'munda ndi a makoswe atsekeredwe kutali, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pa za nkhanza, lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 linaika njira zotetezera mwana. Alipo ogwira ntchito yoteteza ana pansi pa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ilipo Victim Support Unit ya apolisi, iliponso nambala yaulere ya 116.

Likatha funso limenelo pabwere lina: "Kwanu ndani amene umamasuka naye?" Yankho lake lingatidabwitse. Mwina ndi agogo aakazi, mwina azakhali, mwina mai wina wa kumvano kapena wa kumzikiti. Ameneyo ndiye khomo lathu loloŵera m'banjamo, ndipo amai a Mother Group ya pasukulu angathe kumfikira mwakachetechete kuposa kalata ya ku ofesi.

Za kuchipatala zili ndi chopinga chake. Kwathu kuno munthu akamva za matenda a maganizo amangoona chipata cha Zomba Mental Hospital, ndipo kholo limati, "Mwana wanga si wamisala." Tiŵafotokozere kuti ulendo umayambira pa chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo kukafunika amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha boma la Chiradzulu; ofika ku Zomba ndi ochepa. Kupimako nkofunika pakuti kuchepa kwa magazi, HIV, mimba, kapena chamba zingathe kubisala kumbuyo kwa zizindikiro zomwezi. Malangizo a mhGAP, amene World Health Organization inatulutsa koyamba mu 2010, amati wachinyamata ayambe wathandizidwa ndi uphungu ndi kuchepetsa zimene zikumsautsa. Mapiritsi monga fluoxetine amabwera pambuyo, moyang'aniridwa ndi katswiri. Amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira ntchito, pa milungu yoyambayo mwana afunika kumpenyetsetsa, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Wina asapeputse uphungu kuti ndi macheza chabe. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 pophunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kuthandiza munthu kumasula mavuto ake limodzilimodzi, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti odwala ankapezadi bwino. Ife aphunzitsi sitipima matenda ndipo sitilembera mankhwala. Sitiletsanso banja kupemphera. Timangopempha kuti tsiku la kuchipatala lisaphonyedwe.

Tsono apa mpamene makolo aitanidwe, ndipo pano mpamene ambiri timaterereka. Tikangokhala pansi, aliyense amafuna kuti mphunzitsi aweruze za munda uja. Tikane mwaulemu. Ife si ankhoswe. Mlanduwo uli ndi eni ake, ndiwo ankhoswe a banjalo ndi anyakwaŵa. Tisayembekezenso kuti akuluakulu ayambe agwirizana kuti mwana athandizidwe, pakuti mikangano ina imatha zaka, pamene mayeso a Sitandade 8 sadikira munthu. Ngati bambo womupeza ndi amalume sangakhale pa mphasa imodzi, tiŵaone payekhapayekha, koma mwinimbumba tisamlumphe. Zopempha zathu zikhale zazing'ono zoti munthu wokwiya angathe kuzichita: asakanganirane pamaso pa mwana, asamtume kukapereka mau oŵaŵa kwa mnzawo, ndipo atchulidwe dzina amene adzamperekeza kuchipatala ndi amene adzapereka ndalama yoyendera. Tisanene kuti, "Mwamdwalitsa ndinu." Matendaŵa ali ndi magwero ambiri, ndipo kholo lopatsidwa mlandu silibweranso.

Chotsala ndi gawo lathu lenileni, la m'kalasi. Tikudziŵa kuti ana ndi ochuluka ndipo nthaŵi njochepa, koma zofunikazo sizidya choko. Akhale pafupi ndi mnzake wodalirika. Ntchito imene inatsalira igaŵidwe pang'onopang'ono. Apatsidwe kaudindo kakang'ono monga kusonkhanitsa makope, abwezeredwenso ku bwalo la maseŵera ngakhale asakufuna kwenikweni, chifukwa m'matendaŵa chilakolako chimabwera munthu atayamba kale kuchita chinthucho. Lachisanu lililonse apatsidwe mphindi 10 zocheza ndi mphunzitsi yemweyo. Ndipo nkhani yake isakhale ndiwo ya tiyi m'chipinda cha aphunzitsi, kumene zinsinsi zambiri za ana zimafera.

Pansi pa pepalalo palembedwe tsiku lodzaonanso mmene zikuyendera, patapita milungu iŵiri, kenaka mwezi. Inu amene muli pa maphunziro oyeserera kuphunzitsa muli ndi chinthu china choti mulembepo, pakuti ana otere amakonda kuululira mphunzitsi wachinyamata, chonsecho inu mudzachoka. Mtsikana amene bambo ake anapita osatsazika bwino asadzangopeza mpando wanu uli mbee. Muuzeni tsiku lochokalo kukadali milungu ingapo, musankhe naye mphunzitsi wokhazikika amene adzatenge pepalalo, ndipo Lachisanu lomaliza mukhale pansi onse atatu.