Mwana wa ku Chunga ndi Bedi la ku Yunivesite

Pamene Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966, ophunzira ake anali 312 okha. Anthu wamba a m'midzi ndi a m'makomboni anasonkha nao ndalama zoimangira, pokhulupirira kuti sukulu lalikululo lidzakhala la ana a mtundu wonse. Lero ophunzira afika zikwi zambiri, koma zipinda zogonamo sizinaculuke molingana nao, ndipo katundu wa colakwa cimeneci amsenza ndi mwana wa mmphawi.

Mnyamata wa ku Chunga amene wasowa bedi pa sukulupo amadzuka kusanace, nakwera basi ya m'tauni, nakweranso ina ya pa mseu wa Great East. Pobwerera acitanso cimodzimodzi, kotero kuti ndalama imene amake anaipeza pa msika ithera m'njira. Madzulo, anzake ali duu pa mabuku, iye ali pa siteshoni kulimbirana mpando. Mnzake wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands amangokwera galimoto la atate wake. Komatu pa tsiku la mayeso onse awiriwa apatsidwa mafunso amodzimodzi, ndipo wolepherayo achedwa waulesi.

Ngakhale iwo amene apeza malo m'nyumba zonga Kwacha, Africa, President ndi October sali pa mtendere ai. M'cipinda comangidwira anthu awiri mugona anai kapena oposerapo, wina pansi, wina pa bedi la mnzake. Otsalawo apita kukacita lendi ku Kalingalinga ndi kwina kozungulira, kumene mwini nyumba achula mtengo monga afunira, podziwa kuti mwanayo alibe kothawira.

Akuluakulu amayankha kuti ndalama palibe. Koma kodi polemba maina a ophunzira atsopano sadziwa ciwerengero ca mabedi? Nanga nyumba zatsopano zija zinayambidwa kumangidwa, nkukhala zaka zambiri zosatha mvula ikuzikwapula, sizinadye ndalama kodi? Boma linacita bwino m'caka ca 2023 pobwezera ndalama ya cakudya imene inacotsedwa mu 2019, koma munthu akadya afunanso pogona.

Tsono coyenera ncodziwika. Sukulu likaitana mwana, liyenera kumkonzera pogona. Kumanga nyumba zogonamo kuyendere limodzi ndi kuculuka kwa ophunzira, ndipo pogawa mabedi ayambe kupatsidwa osauka ndi ocokera kutali. Eni nyumba za lendi aikiridwe malamulo a mtengo ndi a ukhondo, ndipo malamulowo atsatidwe.

Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Agogo ake a mnyamata wa ku Chunga anasonkha nao pomanga sukulu lija. Ncamanyazi kuti mdzukulu wao azisowamo poika mutu.