Mbale Akafuna Kubwerera ku Mudzi, Muuzeni Zoona

Abale athu amene akhala zaka zambiri ku Lusaka, ku Kitwe ndi ku Ndola akapuma pa nchito amaganiza zobwerera kwao. Ena amafika mu Disembala mvula itagwa kale, alibe nyumba ngakhale munda, ndipo ndalama za penshoni zimatha asanalawe cimanga caciwisi. Inu a ku mudzi ndinu muyenera kuwalangiza asananyamuke.

Coyamba, muuzeni mbale wanu kuti afike mu Juni kapena Julayi. Iyi ndiyo nthawi yomweta udzu wofolera moto usanalowe m'chire, ndiponso youmba njerwa. Cimbudzi acikumbe kumunsi kwa citsime, pa mtunda wosacepera mamita 30.

Caciwiri, musamlozere malo inu nokha. Pitani naye kwa anyakwawa, ndipo malire aonetsedwe pamaso pa mboni, cifukwa milandu yambiri ya minda imabuka pakati pa abale eni ake.

Cacitatu, asayambe ndi munda waukulu. Manja ozolowera colembera amacita matuza msanga. Lima mmodzi, ndiye kuti mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, amafuna makilogalamu 5 a mbeu ya cimanga, thumba limodzi la fetereza wa D pobzala, ndi lina la Urea cimanga cikafika m'maondo. Abzale ndi mvula yoyamba yokwanira, ndipo alembetse ku kopaletivu ndi kudziwana ndi mlangizi wa zaulimi. Pambali pa cimanga aike nshawa, kandolo ndi cinangwa. Cilala ca 2024 cinationetsa kuipa kodalira mbeu imodzi.

Cacinai, ndipo ici ndico cacikulu, munda sudzamdyetsa kufikira Epulo kapena Meyi. Motero agule cimanga cokwanira banja lake pa nthawi yokolola mtengo ukali wotsika, acithire mankhwala a anankafumbwe ndi kucisunga. Akapanda kutero, mu Januwale ndi Febuluwale ana ake adzadya m'nkhokwe yanu, ndipo njala ikalowa m'nyumba ziwiri cibale cimasokonezeka.

Akulu anati safunsa anadya phula. Koma munthu wocoka ku tauni kawirikawiri amacita manyazi kufunsa mng'ono wake za khasu. Musadikire kuti afunse. Mtumizireni mau mwezi uno.