Intaneti Yokha Singamuthandize Mwana wa ku Usisya Kukhoza Mayeso

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malawi muno zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo makalasi olemba mayeso adabwerera pa 7 Sepitembala. M'miyezi imeneyi Unduna wa Zamaphunziro udalimbikitsa ana kuti aziphunzira ali kunyumba, ena pa wailesi, ena pa intaneti. Ganizoli lidali labwino, koma ine ndikuona kuti kwa mwana wa m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay intaneti siyenera kukhala njira yoyamba yomukonzekeretsera mayeso.

Poyamba, zipangizo palibe. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo zambiri mwa izo zidali m'mizinda. Ku Usisya, komwe anthu amadalira kwambiri maboti ndi sitima ya Ilala, banja likhoza kukhala ndi foni imodzi, ya bambo, imene amapita nayo kunyanja. Ndalama yogulira mayunitsi ndi yomweyonso yogulira mchere ndi sopo.

Chachiwiri, pakhomo ndi malo antchito. Mnyamata wa ku Kande amene wachezera usiku wonse kukoka chilimira sangadzuke m'mawa kuti amvetsere phunziro la masamu. Mtsikana wa ku Mpamba ayenera kutunga madzi, kuviika chinangwa ndi kusinja ufa wa kondowole. Belu la sukulu ndilo limawalanditsa ana otere ku ntchito zimenezi kwa maola angapo. Belulo likangokhala chete, nthawi yowerenga imatha.

Chachitatu, mayeso a MANEB sasankha. Pepala la MSCE limene amalemba mwana wa ku Mzuzu, yemwe kwawo kuli kompyuta, ndi lomwelo limene amalemba wa ku Chintheche. Maphunziro asayansi amafunanso kuti mwana agwire zipangizo ndi manja ake, chinthu chosatheka pa foni. Mayeso a MSCE a 2020 adalembedwanso mu Januwale 2021 atabedwa, ndipo adakhoza ndi ana pafupifupi 41 okha mwa 100 alionse. Zifukwa zake n'zambiri, koma miyezi imene ana adakhala opanda mphunzitsi sitingaiiwale.

Ena anganene kuti dziko likupita patsogolo ndipo wokana intaneti adzatsalira. Izi n'zoona, ndipo ine sindikuikana. Anthu a kunyanja kuno sanayambe akanapo maphunziro. Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe mu 1881, Atonga adailandira sukulu mwachangu. Chosowa lero ndi zipangizo, ndipo akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Choncho sukulu zikadzatsekedwanso, kaya ndi mliri kaya ndi madzi osefukira, boma lidzayambe ndi zimene zingafike m'manja mwa mwana aliyense. Mabuku odziphunzitsira, onga amene a Malawi College of Distance Education amalemba, adzagawidwe m'sukulu zonse. Maphunziro a pa wailesi adzaulutsidwe nthawi imene ana aweruka ku ntchito zapakhomo. Aphunzitsi azidzakumana ndi ana m'timagulu kamodzi pa sabata kuti achonge ntchito yawo. Makompyuta oyendera mphamvu ya dzuwa aikidwe pasukulu, pomwe ana onse angawagwiritse ntchito mofanana. Ngati tikufuna kuyesa ana onse ndi muyeso umodzi, tiyambe tawapatsa mwayi wofanana wokonzekera mayesowo.