Chotupa cha Pakhungu, Mthenga wa M'kati

Mwezi uno tikambirane za chotupa chimene chimamera pakhungu popanda kupweteka. Ambiri a ife timachinyoza poganiza kuti n'chithupsa chabe, ndipo ena amathamangira kukachitemera mphini. Koma nthaŵi zina, ngakhale si kaŵirikaŵiri, chotupa chotere chimakhala mthenga wochokera m'kati mwa thupi, wodzanena kuti khansa ya m'chiŵindi yafalikira.

Chotupa cha mtunduwu chimakhala cholimba ndi chofiirira, chimakula msanga, ndipo chimatha kuchucha magazi chikangokhudzidwa. Chimakonda kumera kumaso, m'mutu, pachifuŵa kapena paphewa. Diso lokha silingachisiyanitse ndi zotupa zina, monga za khansa ya Kaposi imene tayiona kwambiri m'midzi mwathu. N'chifukwa chake adokotala saweruza msanga.

Poyamba amafunsa ngati wodwalayo akuwonda, akumva kupweteka kumanja pansi pa nthiti, mimba ikutupa, kapena maso achita chikasu. Kenaka amayeza magazi kuti aone ngati muli kachilombo ka Hepatitis B, kamene kamawononga chiŵindi mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndiponso amaunika m'mimba ndi makina. Chimene chimathetsa chikaiko chonse ndicho kudula kachidutswa ka chotupacho ndi kukapima pa maikulosikopu. Pamenepo zimadziŵika ngati mnofuwo ndi wochokera ku chiŵindi. Ulendo umenewu umayambira pafupi, pa chipatala cha Mulanje Mission kapena chipatala cha boma pa Mulanje, ndipo pakafunika wodwala amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Tinene mosabisa: khansa ya m'chiŵindi ikafika pakhungu imakhala yapita patali, ndipo kuchira n'kovuta. Komabe kudziŵa dzina la nthenda kuli ndi phindu lalikulu. Banja silimwazanso mbuzi ndi chimanga poyendayenda kwa asing'anga. Sipakhalanso kulozana chala kuti agogo akutiakuti alodza. Ndipo wodwala amalandira mankhwala ochepetsa ululu monga morphine, n'kupeza mpata wolongosola za ana ake akali ndi mphamvu.

Kwa ife otsala ntchito ilipo. Kuno ku Malaŵi katemera wa Hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002, pa masabata 6, 10 ndi 14. Tsono ambiri amene tinabadwa chakacho chisanafike sitinamlandire, ndipo n'kwanzeru kukayezetsa, makamaka ngati wina m'banja anadwalapo chiŵindi. Kuno kwathu mvula ndi chinyezi n'zambiri; choncho tiumitse bwino chimanga ndi mtedza tisanasunge, ndipo zochita chuku titaye, pakuti poizoni wa chuku amabweretsa khansa yomweyi. Kachasu nayenso ndi mdani wa chiŵindi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mukaona chotupa chachilendo pathupi la mnzanu wa m'nyumba, musadikire kuti chiyambe kupweteka. Mperekezeni kuchipatala sabata lomwelo.