Za mtsogolo nazonso zilembedwe m'Cinyanja

Mu 2020 mwana wa dziko lino, Mai Namwali Serpell obadwira mu Lusaka, analandira mphoto ya Arthur C. Clarke ku Britain kaamba ka buku lawo la The Old Drift, limene linatuluka mu 2019. Mphotoyi imapita kwa olemba nthano za sayansi, zija zoyerekeza m'mene dziko lidzakhalire mtsogolo. Tiwanyadira. Koma pakati pa alimi a ku Katete kapena akhristu a m'miphakati ya ku Chipata, ndi angati angaliwerenge?

Nkhani zake ndi zathu zomwe. Bukuli liyambira pa mudzi wa atsamunda wochedwa Old Drift, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene David Livingstone anawapatsa dzina la mfumukazi Victoria mu 1855 ngati kuti analibe dzina. Lipitira pa damu la Kariba, limene linasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 mbali zonse ziwiri za Zambezi. Muli ndi Edward Mukuka Nkoloso, womenyera ufulu uja amene mu 1964 anati adzatumiza Azambia ku mwezi, anthu namuseka. Kumapeto kwake acinyamata aukira olamulira pogwiritsa nchito timakina touluka tonga udzudzu.

Zonsezi zili m'Cingelezi. Sitiwaimba mlandu mai athuwa, pakuti osindikiza ndi ogula mabuku ali komweko. Vuto linayamba kale. Lamulo la maphunziro la mu 1966 linaika Cingelezi kukhala cophunzitsira kuyambira giredi 1, ndipo Cinyanja cinatsalira ku maliro, ku msika ndi ku chalichi. Mwana wokula motero amayamba kukhulupirira kuti za makina ndi za mawa zimakambidwa m'Cizungu cokha, ndipo kuti cinenero ca amai ake ndi ca zakale.

Ena adzati Cinyanja cilibe mau ake a zinthu zotere. Nanga Buku Lopatulika, limene tili nalo ciyambire 1922? Ngati masomphenya a Ezekieli ndi zirombo za m'Cibvumbulutso zinakwana m'Cinyanja, kamakina konga udzudzu kangatikanike bwanji? Malemu Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya analemba ena mwa mabuku ake m'Cigikuyu, kenaka nawamasulira yekha m'Cingelezi.

Tipempha unduna wa zamaphunziro ndi osindikiza mabuku kuti akambirane ndi eni bukuli za kulimasulira. Pepala likadula, mawailesi a m'madera ndi a mipingo alipo. Angamawerenge cigawo cimodzi pa sabata, madzulo anthu ataweruka kumunda.